Dzinalo Linali ndi Mwini Wake

1

Kumudzi kwathu, chapafupi ndi tauni ya Sneek, mukafunsa za Renske anthu amayamba ayang'ana uku ndi uku asanayankhe. Renske ndine. Ena amati ndinazungulira mutu, ena amati ndine wouma mtima chibadwire. Onsewo nkhaniyi anaimva theka. Lero ndiinena ndekha, yonse, pamodzi ndi kanthu kamodzi kamene ngakhale mwamuna wanga Wiebe sindinamuuzepo.

Zinayamba ndi foni ya mng'ono wanga Marrit, Lachiwiri lina m'mwezi wa Epulo. Mimba yake yoyamba inali italowa mwezi wachisanu ndi chinayi, ndipo anasankha kuchirira kunyumba monga anachitira amayi athu potibereka tonse awiri.

"Renske, mzamba anabwera dzulo, wandikalipira ngati kamwana ka sukulu. Akuti bedi lathu ndi lapansi kwambiri, iye sangathyoke msana chifukwa cha ine. Kanditengere zipika zokwezera bedi, chonde. Jelle uyu akungoti mawa, mawa, mpaka mwana adzabadwira pansi ngati wa mphaka."

"Mwamuna wakoyo manja alibe?" ndinamufunsa.

"Manja alipo, mutu ndi umene unapita kutchuthi. Tabwera, iwe ndi amene ukuzidziwa zinthuzi."

Atangonena mawu amenewo anazindikira pamene waponda. Inde, ndinkazidziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo inenso ndinakweza bedi pazipika, ndinayala pulasitiki, ndinachapa timalaya n'kutisita. Kutatsala masiku atatu, mwana anasiya kugunda m'mimba. Ndinakaberekera kuchipatala mtsikana wa tsitsi lambiri, amene sanalire. Tinamutcha Hiske, dzina la amayi anga, poti kwathu mtsikana woyamba amatenga dzina la agogo ake akuchikazi. Nthawi imeneyo mwana wobadwa atafa kale sankalowa m'kaundula wa anthu, choncho chimene Hiske wanga anasiya padziko pano ndi dzina lokhalo. Mimba ina sinabwerenso.

"Ndikubwera," ndinamuuza.

2

Zipika ndinakabwereka kusitolo yobwereketsa zipangizo za odwala, yomwe ndinapitako pa nthawi yanga. Ndinapeza amayi afika kale kwa Marrit, akusita matewera m'khitchini. Ine ndi Jelle tinakwera m'chipinda cham'mwamba kukanyamula bedi, Marrit atakhala pampando akulamula ngati kapitawo wa pamsewu.

"Kumanzere! Kumanzere kwako, Jelle, osati kwa aneba!"

Bedi litakwera, tinatsegula bokosi la zochirira n'kumayerekeza ndi pepala limene mzamba anasiya. Pulasitiki yoyala pamatiresi inalimo, thonje linalimo, nsalu zopukutira, mankhwala opha majeremusi, ndi kopanira mchombo kakang'ono kamene Jelle anadzipana nako chala n'kukuwa ngati walumidwa ndi nkhanu. Zina zinali zoti tipeze tokha: ndowa ziwiri, matumba a zinyalala, tochi, ndi chikwama chokhala cholongedzeratu pakhomo kuti zikavuta athamangire kuchipatala. Nsapato zonse za Jelle ndinazichotsa pamasitepe n'kumuopseza kuti ndikazipezanso ndikaziponya mu ngalande.

Ndinaseka nawo tsiku limenelo, ndipo ndinaseka ndi mtima wonse. Ndikunena izi kuti musaganize kuti ndinalowa m'nyumba ija ndi nsanje. Mwana uja ndinkamukonda asanabadwe.

Tinkadziwa kuti ndi mtsikana, koma dzina linali chinsinsi cha makolo ake mpaka atatumiza makadi olengeza kubadwa kwake, monga zimakhalira kwathu. Ndikamunyengerera, Marrit ankangoti, "Udzaliona pa kadi ngati wina aliyense."

Chakumasana anandituma kuchipinda cha mwana kuti ndikayese mabotolo awiri achitsulo ofunditsira kabedi, ngati sakudontha. Pofuna timatumba take tansalu ndinatsegula kabati yapansi. Kunsi kwa timalaya kunali kabulangeti koyera kaubweya, kopindidwa bwinobwino. Ndinakazindikira ndisanakakhudze n'komwe. Pangodya pake panali zilembo zisanu zofiira zimene amayi anasoka ndi dzanja lawo: HISKE.

Kameneka n'kamene ndinafunditsa mwana wanga tsiku limodzi lokha limene ndinamunyamula. Titaika maliro amayi anakatenga kunyumba kwanga, amvekere, "Ndikusungire, ungamakaone n'kumangolira."

3

Ndinatsika nako m'manja. Marrit anali atatsika kale, akumwa tiyi pathebulo.

"Ichi n'chiyani?"

Marrit anayang'ana m'kapu. Amayi sanasiye n'kusita komwe.

"Ndi kabulangeti, Renske. Ubweya wabwino ngati umenewo uzingodyedwa ndi njenjete?"

"Ndikufunsa za dzina, amayi."

"Dzinalo ndi langa. Linali la agogo anga, iwonso analitenga kwa agogo awo. Ine zaka zapita, mwana wanga. Ukufuna ndife ndisanamve mwana akuitanidwa nalo pabwalo?"

"Mdzukulu wotchedwa Hiske muli naye kale."

Apa m'pamene anaimika ayironi. Anandiyang'ana ndi chifundo, ndipo chifundo chimenecho n'chimene sindidzawakhululukira.

"Uja sanaligwiritse ntchito, Renske."

Jelle anati akukaona ngati matayala a galimoto ali ndi mpweya, n'kuzemba.

"Timafuna tikuuze, Ren," anatero Marrit, "kungoti nthawi yabwino siimapezeka. Ine ndimaganiza kuti mwina usangalala, dzinali likhalanso ndi moyo."

"Mumafuna ndilione pa kadi ngati wina aliyense."

"Iwe, usachite ngati dzinalo unachita kugula! Zaka zonsezi takhala tikuyenda monyang'ama pamaso pako. Khrisimasi tisaseke kwambiri, mwana wa munthu tisamunyamule iwe ukuona. Ndiye inenso ndilire pa mimba yanga? Nanenso ndili ndi ufulu wosangalala."

Mukanaona mmene magazi ankawirira m'mutu mwanga. Koma ine ndikakwiya kwenikweni sindikuwa, ndimazizira. Ndinapinda kabulangeti kaja potsata mizere yake yakale n'kukaika pathebulo.

"Mwanena zoona," ndinatero. "Ndangodzidzimuka basi."

"Waona?" amayi anauza Marrit. "Ndinakuuza kuti mkulu wakoyu ndi munthu womvetsa."

Pawindo panali katoni ya maenvelopu. Osindikiza amatumiziratu maenvelopu kuti mulemberetu maadiresi, makadi enieniwo amabwera mwana atabadwa, mukawauza tsiku, nthawi ndi kulemera kwake. Marrit anali atalemba onse makumi asanu ndi awiri ndi dzanja lake lozungulira lija, atamata masitampa a timapazi ta mwana, kumbuyo atamata adiresi ya nyumba yawo.

"Awa ndipatseni ine," ndinatero. "Makadi akadzabwera ndidzaikamo n'kukaponya. Inu muzidzaona za mwana."

Marrit anadzuka movutikira n'kundipsompsona patsaya. Katoni ija ndinapita nayo kwathu.

Nditafika ndinatsitsa makwerero a kudenga, kumene timasunga katundu wakale. Wiebe anandipeza ndikutsika, fumbi lili m'tsitsi.

"Ukufuna chiyani kumeneko?"

"Zinthu za Marrit," ndinayankha, ndipo iye sanafunsenso.

4

Matenda anayamba Lachinayi m'mawa, patapita sabata ziwiri ndi theka. Jelle anandiimbira mawu akunjenjemera, ndipo ndinafika mzamba asanafike. Ndinayala pulasitiki, ndinayanika nsalu pa zofunditsira m'nyumba kuti zitenthe, ndinathira madzi otentha m'mabotolo aja n'kuwalowetsa m'kabedi. Ndowa imodzi ndinaika kumiyendo kwa bedi, ina pambali pa Marrit chifukwa ankasanza.

Ululu utafika pachimake sanaitane Jelle. Anaitana ine.

"Ren, ndigwire! Ndikufa ine!"

"Sukufa, ukungochita phokoso. Kankha!"

Anandifinya dzanja mpaka mphete inandilowa m'mnofu. Nthawi itangopitirira leveni koloko m'mawa womwewo mwana anatuluka, wofiira, wokwiya, akulira mokweza moti aneba anamva. Ine kulira kumeneko ndinali ndisanakumvepo m'chipinda choberekera.

"Mtsikana wamphamvu," anatero mzamba. "Dzina lake ndani?"

Marrit anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Hiske."

Jelle anathamangira panja kukazika dokowe wa thabwa pa kapinga kuti mudzi wonse udziwe kuti mwana wabadwa, monga mwa mwambo wathu. Ine ndinatsikira kukhitchini kukapaka batala mabisiketi ouma ndi kuwaza tinjere tashuga tapinki, tolandirira alendo. Nditakweranso, Marrit anandipatsa mwana atakulungidwa m'kabulangeti kaja. Anali wofunda. Anandigwira chala. Ndikulumbira, owerenga, pa mphindi imeneyo ndinali nditasiya zonse. Ndinati mumtima, zipite, mwanayu walakwa chiyani?

Ndiye ndinamva amayi pakhonde, akulankhula pafoni ndi mnzawo wa kutchalitchi, mawu ali m'mwamba ndi chimwemwe.

"Wabadwa, wabadwa! Ndiyamikeni, lero ndakhala agogo. Inde, mdzukulu wanga woyamba!"

Mwana ndinamubwezera kwa mayi ake mosamala. Ndinati ndikukagula batala wina. Katoni ya maenvelopu inali kale m'galimoto, yonse yomatidwa, ndipo ndinafika pa bokosi la makalata kutatsala mphindi khumi kuti a positi atolere. Ndinaponya onse makumi asanu ndi awiri, asanuasanu.

Makadi a Marrit anali asanasindikizidwe n'komwe.

5

Lachisanu ndinabweranso kudzathandiza. Namwino wapakhomo, amene amakhala ndi mayi wochira kwa masiku asanu ndi atatu, anali m'mwamba akuphunzitsa Marrit kuyamwitsa. Amayi ankachapa. Ine ndinali m'khitchini, maso ali pa wotchi, chifukwa wa positi kwathu amadutsa cha m'ma wani koloko.

Belu lapakhomo linalira nthawi isanakwane thu koloko. Jelle atatsegula, panali azakhali a Griet, alongo awo a malemu bambo athu, atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maluwa oyera ali m'manja. Anamugwera Jelle pachifuwa.

"Mwana wanga, mwana wanga! Mulungu wachitiranji zimenezi? Dzulo lomweli tinamva kuti wabadwa bwino!"

"Azakhali, mukunena chiyani?"

"Kamwana, Jelle! Ka Hiske!"

Foni ya m'nyumba inayamba kulira. Ya Jelle inayamba kulira m'thumba. Pawindo ndinaona bambo wa nyumba yoyandikana nayo atavula chipewa, akuzula dokowe uja mwakachetechete kuti asapweteke mitima ya anthu. Amayi awiri a kutchalitchi ankabwera mumsewu atagwirana mikono.

Kenako m'mwamba munamveka mfuu. Marrit anali atatsegula foni yake n'kupeza mauthenga a chipepeso, wina pamwamba pa unzake. Namwino anandiuza pambuyo pake kuti anatsomphola mwana m'kabedi n'kumugwedeza, akukuwa kuti, "Akupuma? Akupuma?" pamene mwanayo anali atangomaliza kuyamwa.

Azakhali a Griet anatulutsa kadi m'chikwama. Jelle anaiwerenga, amayi anaiwerenga ali kumbuyo kwake, ndipo nkhope ya amayi inachita ngati yathiridwa phulusa, chifukwa iwo kadi imeneyo ankaidziwa.

Anali makadi anga. Hiske wanga atamwalira, ine ndi Wiebe tinasindikiza makadi ake, kuti abale adziwe kuti tinali ndi mwana ndipo anali ndi dzina. Amayi anatiletsa kutumiza. Anati tisalemetse anthu, zoterezi zimapola msanga zikapanda kukambidwa. Ine ndinali wofooka, ndinamvera, katoni inakwera kudenga. Pamwamba pa kadi iliyonse panali dzina lokha, Hiske, ndipo m'munsi mwake mawu akuti: "Anabwera ali chete. Tinamunyamula tsiku limodzi." Tsiku lobadwa ndi mayina athu, ine ndi Wiebe, zinali m'kati. Koma ndani amatsegula m'kati, envelopu ili ndi dzanja la Marrit, sitampa ya timapazi, ndi dzina limene mudzi wonse unamva dzulo lake?

Marrit anatsika masitepe namwino akumuletsa, mwana ali pachifuwa, dzanja lina litagwira khoma. Anaima pakhomo la khitchini, milomo itayera.

"Ndiwe?"

"Ndine."

"Unandigwira dzanja dzulo, Renske. Unali utamata kale?"

"Ndinali nditamata kale. Tsopano nyumba makumi asanu ndi awiri zadziwa kuti Hiske analipo. Amayi, mwamva mmene akumulirira mdzukulu wanu woyamba? Achedwa ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma alira."

Amayi anakhala pansi pa sitepe ngati thumba la mbatata. Marrit sanakuwe. Anaphimba mutu wa mwana ndi dzanja, ngati kuti maso anga angamuwotche.

"Tuluka m'nyumba mwanga. Ndipo usadzamukhudzenso."

6

Jelle anathera Loweruka lonse akuimbira anthu mmodzimmodzi kuwauza kuti mwana ali moyo. Lolemba anapita kukalembetsa mwana ku ofesi ya boma, ndipo dzina limene analembetsa ndi Lieke. Marrit anati sangathe kuitana mwana wamoyo ndi dzina limene anthu alilirira kale pakhomo pake. Mkaka wake unauma sabata yomweyo, ndipo ndinamva kuti kwa miyezi yambiri ankalephera kumusiya mwana m'kabedi osaika khutu pamphuno pake.

Ndinapambana. Dzina linabwerera kwa mwini wake.

Wiebe ndi munthu wosalankhulalankhula. Anamva nkhaniyi kuntchito, anabwera kunyumba, anakhala pathebulo jekete osavula.

"Makadi aja tinasankha tonse awiri," anatero. "Mawu aja ndinalemba ndine. Iwe watenga mwana wathu n'kumusandutsa mpeni."

Ndinalira pamaso pake. Ndinamuuza kuti sindinaganize, kuti ndinkayesa anthu atsegula m'kati n'kuona mayina athu, kuti chisoni chinandiphimba m'maso. Ndinauza abusa zomwezo, ndinauza azakhali a Griet zomwezo, ndipo ena anandimvera chisoni.

Nachi tsopano chimene sindinauzepo munthu. M'katoni ya kudenga ija munalinso maenvelopu anga, oyera, osalembedwa. Ndikanatha kulemba maadiresi ndi dzanja langa, anthu akanadziwa za Hiske wanga popanda wina kudzidzimuka. Ndinawagwira, ndinawayang'ana, ndinawaponya mu mbaula. Ndinasankha a Marrit ndikudziwa bwino lomwe mmene anthu adzawerengere. Ndinkafuna mng'ono wanga amve anthu akulira mwana wake, ngakhale kwa ola limodzi, alawe chimene ankati chimandichititsa kukhala wotopetsa pa Khrisimasi. Ndipo pamene mfuu ija inamveka m'mwamba, ine ndinali ndi bisiketi ya tinjere tapinki m'manja. Sindinathamangire kumasitepe. Ndinaimaliza, ndipo inandikomera.

7

Papita zaka zinayi. Inu amene mukuwerenga mwina mukudikira kuti ndigwade, ndinene kuti kubwezera n'koipa, tizikhululukirana. Pepani, mawu amenewo ndilibe. Amayi ndi Marrit anandilakwira, ndipo mpaka lero palibe mmodzi wa iwo amene anabwera kudzanena kuti mwana wanga anali munthu. Ngati m'banja mwanu muli mayi amene anabwerako kuchipatala manja ali lende, musamuuze kuti zimapola zikapanda kukambidwa. Sizipola. Zimasasa ngati mkaka woiwalika, ndipo tsiku lina wina adzamwa.

Koma ndikuuzeninso chimene ndinapata, kuti wina amene akukonza zake usiku ndi usana adziwiretu. Lieke ndimamuona Lachitatu lililonse kumsika, ali pampando wakumbuyo kwa njinga ya mayi ake. Ali ndi chibwano changa. Sadziwa kuti ali ndi mayi aakulu, ndipo Marrit akandiona amakhotera njira ina. Amayi amadya kwa Marrit Lamlungu, kwa ine amabwera kamodzi pachaka ndipo timakamba za nyengo.

Ine chimene ndinkamenyera chinali chakuti mwana wanga asafufutidwe. Kale, pa tsiku lake lobadwa, Wiebe ankadzuka n'kunena kuti, "Lero Hiske akanakwanitsa zaka zisanu," ndipo tinkapita limodzi kumanda. Chichitikireni zija, kumanda amapita yekha, ndipo dzinalo silinatulukenso pakamwa pake. Abale akafika pa nkhaniyi amangoti "zija za makadi." Ngakhale amayi enieniwo, amene dzina lawo ndi lomwelo, anzawo a kutchalitchi anayamba kuwaitana ndi dzina la bambo athu, poopa kukumbutsa.

Dzina ndi langa tsopano, palibenso wolilimbirana. Ndimalitchula ndikamayendetsa galimoto, mawindo atatsekedwa, mokweza ngati ndikuitana mwana kuti alowe m'nyumba kwayamba mvula. M'mudzi monse muno, ndine ndekha amene ndinatsala ndikulitchula.